Munthu Wachikhumi kwa Tepper

Motl, wosamalira sunagoge, anawerenga kawiri. Anthu amoyo sawerengedwa ngati mbuzi, kutero n'kuputa tsoka, choncho anawerenga mmene amachitira akuluakulu achiyuda, chala chikuloza zipewa osati nkhope: "Si mmodzi, si awiri, si atatu." Atafika pa "si asanu ndi awiri" chala chinasowa kolowera. Anasuzumira kuseri kwa mzati ngati kungabisale wina, koma anangopezako ambulera imene munthu anaiwala chaka chatha.

"Asanu ndi awiri, Zelig. Ndipo ine ndemwe ndili momwemo."

Zelig Pomerantz anasuzumira dzuwa pazenera. Tsiku limenelo panakwana zaka zitatu chimwalirire mkazi wake Perl, ndipo pa tsiku lotero mwamuna amaimirira n'kunena Kadishi, pemphero lokumbukira omwalira. Koma Kadishi sanena munthu ali yekha m'khitchini. Pamafunika amuna khumi m'chipinda chimodzi oti ayankhe Ameni. M'mawa zinakanika, madzi anali ataundana m'misewu ndipo nkhalamba zinaopa kuthyola ziuno. Linatsala ndi pemphero la masana lokha, limene liyenera kutha dzuwa lisanalowe, ndipo dzuwa la Disembala ku Brooklyn silicheza ndi munthu. Ikamati hafu pasiti folo limakhala litatsanzika.

Zaka makumi anayi ndi zisanu Perl ndiye ankasunga masiku a akufa onse a m'banjamo, akwawo ndi a kwa Zelig omwe. Ankamudzutsa m'mamawa, kumuveka mpango m'khosi, kumukankhira panja kuti akatchule bambo ake. Ana aamuna analibe. Mwana wawo wamkazi anali kutali ku Arizona. Ndiye lero tsiku la mwiniwake lidutse zii ngati Lachiwiri wamba?

"Kwa Tepper," anatero Motl. "Kwina kulibe. Koma mawondo angawa anasiya ntchito kalekale. Pita wekha, uthamange."

"Ndithamange? Ine?"

"Chabwino, yenda mokwiya."

Kale nkhani yotere sinali nkhani. Motl ankangolowetsa mutu pakhomo la deli ya Tepper, sitolo yodyeramo nyama ndi buledi, n'kukuwa kuti, "Atatu!" Amuna makumi atatu ankabisa nkhope kuseri kwa nyuzipepala nthawi imodzi, iye n'kungosankhapo onenepa amene sakanatha kubisika. Kwa Tepper n'kumene munthu ankapeza ntchito, chipinda cha lendi, dokotala wamano wosapweteka kwambiri, ndiponso mbiri yoipa ya aliyense amene sanabwere tsiku limenelo. Zelig nayenso anamuonera Perl kumeneko, akukangana ndi weta woperekera chakudya za supu wozizira, ndipo anadziuza kuti mkazi wotha kugonjetsa weta wa kwa Tepper ndi woyenera kumanga naye banja. Kenako ana anaphunzira n'kusamukira kunyumba za kapinga ndi garaja. Makolo ena anapita kukaothera dzuwa ku Florida, ena kumanda. Otsalawo madokotala anawaletsa mchere ndi mafuta, ndipo kwa Tepper ukachotsa mchere ndi mafuta umatsala ndi mbale.

Kabelu ka pachitseko kanalira Zelig akulowa. Fungo linali lomwe lija, nyama ya ng'ombe yofuka nthunzi, adyo, nkhaka zowawasa za m'mgolo. Pa matebulo khumi ndi awiri, asanu ndi atatu anali ndi mipando yovundikira pamwamba. Kuseri kwa kauntala Anshel Tepper ankanola mpeni umene unali wakuthwa kale. Mchemwali wake Dvosha anakhala pafupi ndi khomo akuluka juzi. Patebulo lakumapeto panali anthu awiri okha, Kalman ndi Sender, aliyense ndi tambula ya tiyi amene anazizira kalekale.

"Taonani amene wauka!" anatero Tepper. "Ndimayesa unatisiya, Zelig. Ndinangotsala pang'ono kutumiza mbale ya nyama kunyumba ya maliro." Anadula kachidutswa n'kukamupatsira pansonga ya mpeni pamwamba pa kauntala. "Lawa, udandaule."

"Lero ayi, Anshel. Ndikufuna amuna atatu."

"Pano timagulitsa ng'ombe."

"Atatu?" anatero Dvosha osadzutsa mutu. "Ine ndafuna mmodzi zaka makumi asanu, mpaka lero."

"Ndi tsiku la Perl. Tili asanu ndi awiri."

Dvosha anaika zolukazo pamwendo. Tepper anabweza kachidutswa kaja pathabwa.

"Akuti chiyani?" anafunsa Sender, amene makutu ake anapuma pantchito iye asanapume.

"Akukufuna kusunagoge!" Kalman anamukuwira m'khutu.

"Kuli chakudya?"

"Kuli Mulungu!"

"Aa," anatero Sender mokhumudwa, komabe anayamba kupapasa pansi pa mpando kufuna chipewa.

"Ine usandiyang'ane," anatero Kalman Zelig asanatsegule pakamwa. Kalman anali wodula nsalu m'fakitale ya makhoti ndiponso mtsogoleri wa masitiraka, ndipo msewu wonse unkadziwa kuti iye ndi Mulungu salankhulana. "Ndinatuluka m'nyumba ija mu 1951, rabi atatilalikira kuti sitiraka ndi tchimo, mwini fakitale ali phee pampando wakutsogolo. Ndinalumbira kuti sindidzapondamonso."

"Unalumbira kwa yani, iwe wosakhulupirira?"

"Kwa ine mwini. Ameneyo aliko, ndimamumeta ndevu m'mawa uliwonse."

"Utathyoka mwendo, ndani ankakwera mpaka kunsanja yachinayi ndi poto wa supu? Si Perl?"

"Unkachepa mchere," anatero Kalman, koma anayang'ana m'tambula. "Ndikanakhala munthu wochitira wina zimenezo, ndikanachitira iyeyo. Koma pakhomo lija sindilowa, Zelig. Usandipemphe."

Zelig anatembenukira kukauntala.

"Ine sinditseka sitolo masana," anatero Tepper. "Bambo anga sanatsekepo, kupatula Sabata ndi maholide. Tsiku limene Dvosha anabadwa anangotumiza munthu kukafunsa ngati ndi wamwamuna."

"Mphindi makumi awiri, Anshel."

"Mphindi makumi awiri! Gluck wa pakona paja anamata pepala pachitseko, 'Ndibwera posachedwa.' Lero m'menemo amametamo agalu. Anthu akangoona chitseko chotseka dzuwa lili pamutu, mawa lake mbiri ili ponseponse kuti Tepper watha."

"Ndiye usatseke, Dvosha atsale."

"Dvosha sagwira mpeni wanga. Amadula nyama ngati akuwaza nkhuni."

"Wadziwa bwanji?" anatero Dvosha. "Unandilolapo?"

"Nanga kasitomala akabwera?" anapitiriza Tepper.

Zelig anayang'ana wotchi ya pakhoma. Folo koloko inali itadutsa ndi mphindi zitatu. Zaka makumi anayi anasita mathalauza a anthu ena osakwezapo mawu kwa munthu, koma apa china chake chinamuthawa pakamwa.

"Kasitomala wake uti, Anshel? Uti? Tayang'ana mipando yakoyo, miyendo ili m'mwamba ngati mphemvu zakufa!"

Firiji yaikulu inkang'ung'udza pakona. Aliyense ankadziwa kuti sitoloyo ikufa, koma inali nkhani yosanena, ngati matenda a munthu amene mwakhala naye patebulo limodzi. Tepper anatenga nsalu n'kuyamba kupukuta kauntala pamalo poyera kale. Zelig akanatha kumeza mawuwo akanameza ndi mgolo wa nkhaka womwe.

"Amuna inu," anatero Dvosha pomalizira pake, "mitu yanu ndi poika zipewa basi. Uyu satuluka, uyu salowa. Kodi Mulungu wanuyo njira ya kwa Tepper saidziwa? Aliyense mumsewu uno ankaidziwa."

Zelig anamuyang'ana. Anayang'ana Tepper, amene anangokweza mapewa osasiya kupukuta. Anayang'ana Kalman.

"Ine ndangokhala pampando wanga ndikumwa tiyi wanga," anatero Kalman. "Amene akufuna kundiwerenga, ndi nkhani yake."

Ulendo wobwerera Zelig anayendadi mokwiya.

"Pakati pa masoseji?" anatero Motl. "Tipemphere pakati pa masoseji?"

"Ndi masoseji ololedwa ndi chilamulo. Chikalata cha rabi chili pakhoma."

"Rabi amene anasaina chikalatacho anamwalira ine ndili ndi tsitsi."

"Motl, dzuwa."

Motl anausa moyo, n'kutola mabuku khumi a mapemphero. Panatenga nthawi kuti nkhalamba zipeze makhoti, mipango ndi ndodo, ndipo mmodzi anati sachoka asanapite kuchimbudzi. Kenako anatuluka mondondozana pamsewu woterera, wina atagwira chigongono cha mnzake, akupeperuka ngati abakha. Zelig anali patsogolo, maso ali kumwamba kumene kuwala kunatsala pamazenera apamwamba okha. N'chifukwa chake sanaone galimoto imene inaima kumbuyo kwa mzerewo, ngakhale kumva mawu a mayi amene anatulukamo: "Bambo! Kuzizira konseku, ndi chifuwa chimenecho?" Anali mpongozi wa Nachman, wotsiriza pamzere, ndipo mayiyo anamunyamulira m'galimoto ngati katundu wogula, Nachman akuyesa kufotokoza koma chitseko chinatsekedwa asanamalize.

Atalowa kwa Tepper, Motl anakweza chala. "Si mmodzi, si awiri." Analoza Sender, analoza Kalman, analoza chipewa choyera cha pepala cha pamutu pa Tepper. "Si asanu ndi anayi." Chala chinatsala m'malere. "Nachman ali kuti?"

"Wabedwa," anatero wina. "Ndi mpongozi."

Wotchi inati kota pasiti folo. Zelig anatulukanso panja. Kale pamsewu umenewu ukaponya mwala unkagwera Myuda, ndipo iye ankakuuza kuti waponya molakwika. Anagwira dzanja la khoti la bambo wina wa ndevu za imvi amene ankaoneka ngati angathe. "Pepani, bambo, kodi ndinu Myuda?" Bamboyo anayankha mwaulemu m'Chisipanishi, n'kumusisita paphewa, n'kupitirira. Wachiwiri anayesa akupempha ndalama. Wachitatu panalibe. Zelig anabwerera m'kati n'kutsamira chitseko.

"Basi," anatero. "Ndayesa. Perl akudziwa kuti ndayesa."

"Palibenso wina," anatero Kalman motsitsa mawu.

"Alipo," anatero Tepper.

Onse anatembenuka. Tepper analoza ndi mpeni kutsidya kwa msewu, kumene kunali sitolo yatsopano ya khofi ndi madonasi, ya magetsi owala ngati kuchipatala ndi mipando yofewa.

"Lazar Finkel. Wakhala kuseri kwa duwa lapulasitiki lija kuyambira thu koloko."

Nkhalamba zinayamba kuyang'ana nsapato zawo. Lazar anakhala patebulo la pazenera kwa Tepper zaka makumi atatu. Atamuchita opaleshoni ya mtima anatsanzika kuti akusamukira kwa mwana wake ku New Jersey, ndipo Tepper anamukulungira nyama ya paulendo. Koma Lazar sanapite kulikonse. Anangowoloka msewu. Chaka chathunthu msewu wonse unasunga chinsinsicho kuti Tepper asasweke mtima.

"Umadziwa?" anafunsa Dvosha.

"Ndili ndi zenera, Dvosha. Ndipo chipewa chonyansa chija ku Brooklyn kuno n'chimodzi."

"Ndipita ine," anatero Zelig.

"Iwe adzakukana, adzati sangaonekere kuno. Ine sangandikane, manyazi amupha." Tepper anakweza thabwa la kauntala, n'kutuluka. Zelig anazindikira kuti anali ataiwala kuti mnzakeyu ndi wamfupi chotero. Kuseri kuja kunali matabwa opondapo. Tepper anapatsa mchemwali wake mpeni, chogwirira chili kutsogolo. "Gwira. Kugwira kokha. Osadula kanthu."

Anatuluka opanda khoti, epuloni ikuuluzika. Amuna asanu ndi atatu ndi mayi mmodzi anaunjikana pazenera. Anamuona akudula msewu pakati penipeni, dzanja lili m'mwamba ngati wapolisi, basi ikumuimbira huta. Anamuona akulowa m'kuwala muja. Kuseri kwa duwa nyuzipepala inakwera msangamsanga. Tepper anaigwira pamwamba ndi zala ziwiri n'kuitsitsa. Milomo inayenda, ya Lazar kwambiri. Lazar analoza pachifuwa pake. Tepper analoza kutsidya, kenako kumwamba. Sipanathe mphindi ziwiri, anatuluka limodzi, Tepper atamugwira pachigongono ngati mkaidi.

"Ku New Jersey kwayandikira masiku ano," anatero Kalman kabelu katalira.

"Ndi dokotala," anatero Lazar, nkhope ili psuu. "Dokotala ndiye anati..."

"Kapu yako ya khofi wa kutsidyayo isiye panja," anatero Tepper. "Muno muli anthu akupemphera."

"Si khumi!" anakuwa Motl, osavutikanso ndi enawo. "Kum'mawa ndi kuti?"

Zala zitatu zinaloza mbali zitatu. Sender analoza kuchimbudzi.

"Dzuwa la m'mawa limalowera pazenera la kuseri kwa firiji," anatero Dvosha. "Ndine amene ndimatsegula muno. Tsekani chitseko cha chimbudzicho." Podutsa anachotsa chipewa cha pepala pashelefu n'kumuveka Kalman pamutu, poti Myuda sapemphera wopanda chipewa. Kalman anatsegula pakamwa, anaona mpeni uli m'dzanja la mayiyo, n'kutsekanso.

Choncho anaima moyang'ana ku Yerusalemu, kudzera pafiriji ndi masoseji khumi ndi awiri olendewera pa zingwe. Motl anatsogolera pemphero la masana pa liwiro limene sanathamangepo ndi miyendo. Kalman anakhalabe pampando wake, atapinda manja, akuyang'ana kudenga ngati munthu wodikira sitima. Kenako Motl anatembenuka n'kugwedezera Zelig mutu.

Zelig anayamba. Mawu akalewo anawadziwa kuyambira ali mwana, koma anatuluka aang'ono, opyapyala, ndipo firiji inasankha nthawi yomweyo kuyamba kubangula. Tepper anatambasula mwendo n'kuzula pulagi ndi nsapato. M'sitolo munakhala bata loti Zelig anadzimva yekha akupuma. Anayambiranso. Pempherolo silitchula imfa, silitchula ngakhale dzina la womwalirayo, limangotamanda. Iye ankaona mpango wofiirira ndi manja aafupi a Perl akuumanga m'khosi mwake mothina kwambiri. Atafika pamalo oyankha, anaima.

"Ameni," anatero amunawo, aliyense pa nthawi yake. Ya Lazar inali yaikulu kuposa onse, ya munthu wolipira mlandu. Kuchokera kutebulo lakumapeto kunamveka chifuwa chachilendo cha Kalman, chomveka ngati Ameni. Ya Sender inafika onse atamaliza, yokhayokha, ngati mlendo wochedwa paukwati.

Zelig anapitiriza mpaka kumapeto. Anabwerera m'mbuyo masitepe atatu monga mwa mwambo, n'kugunda tebulo, mpando umodzi n'kugwa pansi. Anasuzumira pazenera. Pa thanki ya madzi ya padenga la nyumba yakutsidya panali patatsala kachigamba kofiira, kakang'ono ngati chikhatho.

"Takwanitsa," anatero Motl akutseka buku. "Kunangotsala pang'onong'ono, koma takwanitsa."

Palibe amene anasuntha kupita kukhomo. Anangoima ndi makhoti awo, akuyang'anayang'ana, wina akuloza mnzake pamene panali tebulo la oyendetsa matakisi.

"Mwini tsiku amapatsa anthu kanthu kolawa," anatero Motl. "Si ine ndinayambitsa, ndi mwambo."

"Anshel," anatero Zelig, "dulira aliyense."

Mipando inayamba kutsika pamatebulo. Dvosha anabweza mpeni, ndipo Tepper anauyang'anitsitsa kukamwa kwake kufuna pobuntha. Buledi wakuda anadulidwa, nthunzi inakwera, nkhaka zinabwera m'mbale zachitsulo. Awiri anali atayamba kale kukangana ngati meya wa chaka chimene kunagwa chipale chofewa chambiri anali wakuba kapena chitsiru chabe.

"Ine yopanda mafuta, Anshel," anatero Lazar. "Ndipo ngati pali yochepa mchere..."

"Ndikupatsa foloko, uziyamwa."

Zelig anadikira mpaka onse atalandira, n'kufika pakauntala. Tepper anali atakweranso pamatabwa ake, wamtali ngati kale.

"Mawu aja ndinalankhula," anayamba Zelig.

"Muno mulibe mphemvu, ndipo simunakhalepo," anatero Tepper osamuyang'ana. "Pa zinazo sunaname." Anapaka masitadi pabuledi, anaunjika nyama, anadula pakati n'kukankhira mbaleyo kwa Zelig. Kenako anawerama, natsitsa mawu kuti Dvosha asamve. "Chaka chamawa tsiku ngati lino, uyambe msanga kufunafuna anthu ako. Za pano sindikulonjeza."

Zelig anagwedeza mutu. Anafuna kunena kanthu, koma kumbuyo kwake Kalman ankamenya tebulo kuti meyayo anali zonse ziwiri, ndipo Sender ankafunsa ngati pemphero layamba.

"Kakhale pansi," anatero Tepper. "Ikuzizira."